Ulendo wa ku Kalingalinga ndi Apongozi Anga

Tinanyamuka ku Matero Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma. Ine ndinavala malaya a manja aatali ndi chipewa chachikulu, ambulera ili m'manja. Apongozi anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Amake Chisomo, mvula muiona kuti?"

Ndili ndi lupasi, matenda amene asilikali a m'thupi amaukira thupi lawo lomwe. Dzuwa limanditulutsa zidzolo kumaso, ndipo mawondo amatupa moti ndikagwada, kudzuka kwake mpaka ndigwire khoma. Choncho ndinasiya kugwada popereka madzi. Kwa apongozi umenewo unali mwano, ndipo anali ataitana ankhoswe kuti Lamulungu adzakambe zondibweza kwathu ku Chawama. Mwamuna wanga amayendetsa thiraki, koma pamaso pa amayi ake amasanduka mwanapiye. Ulendowu apongozi anaulola chifukwa ankafuna kuona ndi maso awo kumene ndimazembera kamodzi pamwezi. Ankaganiza kuti kuli mwamuna.

Minibasi ya ku tauni inali makwacha khumi ndi awiri munthu mmodzi. Ndinapempha mnyamata wina kuti tisinthane mipando, ndikhale mbali yopanda dzuwa. Kondakitala anaseka.

"Ba sisi, muopa kuda? Mwachedwa!"

Basi yonse inafa nacho chiseko, apongozi ndiye anaposa onse. Zinandipweteka, sindinama.

Mu tauni tinatsika n'kuyenda wapansi mpaka pokwerera basi za ku Kalingalinga. Apongozi, nkhalamba yonse ija, ankathamanga ngati mtsikana, ine ndikukwekwereza miyendo pambuyo. Anagula chinangwa chootcha ndi mtedza, n'kundigawira osandiyang'ana. Basi yachiwiri inachedwa kudzaza, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi chabe, pamene mipando inali mbee.

Tinafika cha m'ma leveni. Gulu lathu la odwala lupasi limakumana m'kalasi ina kuseri kwa tchalitchi, makatani atatsekedwa. Apongozi anamwaza maso kufunafuna mwamuna uja. Anapeza azimayi okhaokha, ndi maambulera atatsamira khoma.

Tsiku limenelo kunabwera dokotala wachitsikana amene akuchita kafukufuku wa matendawa. Anatifunsa mmodzimmodzi kuti tinayenda nthawi yaitali bwanji tisanauzidwe dzina la chimene chikutidya. Wina anati ankangomwetsedwa mankhwala a malungo, wina anathera mbuzi kwa sing'anga. Dokotala ananena mosabisa kuti chiyambi chenicheni cha lupasi akuchifufuzabe, koma sapatsirana, si ufiti, ndipo mankhwala amawaziziritsa. Apongozi ankangotafuna mtedza wawo.

Kenaka kunalowa ba Mulenga, mayi wachikulire wa ku Mtendere, akutsamira ndodo. Apongozi anadzuka msangamsanga n'kukonza chitenje. Ankawadziwa! Ba Mulenga ndi alangizi otchuka, amene amaphunzitsa atsikana mwambo asanalowe m'banja, ndipo ndi iwo analangiza mwana wamkazi wa apongozi anga. Apongozi anagwada n'kuwomba m'manja. Ba Mulenga anayankha moniwo choimirira.

"Munikhululukire, amayi, siningagwade. Nili na matenda yamene ali na mpongozi wanu."

"Imwe? Alangizi?"

"Ine amene. Naphunzitsa ana ambiri kugwada, manje mawondo yanga yanakana. Kodi ulemu wanga unathera mu mawondo?"

Apongozi anadzuka pomwe anagwada paja. Ba Mulenga anakhala nawo pabenchi limodzi, n'kukweza chitenje pang'ono kuwaonetsa bondo lotupa. Anakambirana chapansipansi mpaka tiyi ndi zitumbuwa zinatha. Zimene anauzana sindinamve, ndipo sindinafunse.

Pobwerera, dzuwa la masana linali lakupha. M'basi ya ku Matero mpando wamthunzi unali ndi bambo wina wa jekete. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anamugwira paphewa.

"Atate, sendererani uko. Uyu mwana wanga safunika dzuwa."

Bamboyo anasuntha. Njira yonse ine mtima unali m'mwamba, chifukwa za ankhoswe zinali zisanatchulidwe.

Titafika kunyumba anakhala pakhonde n'kuvula nsapato. Ndinatunga madzi m'kapu, ndipo chifukwa cha mantha ndinayamba kupinda mawondo, ndikuluma mano. Anandigwira pachigongono.

"Imani, amake Chisomo. Nipatseni choimirira."

Anamwa madzi onse n'kundibwezera kapu.

"Mawa ankhoswe akabwera, muwapatse tiyi choimirira, mwamva? Wofunsa, nizamuyankha ndine."

Ndinalowa m'nyumba n'kulira, kapu ili m'manja. Miyezi yonse ija ndinkafotokoza ndi pakamwa, osamveka, pamene chofunika chinali kukwera nawo basi ziwiri kuti akaone bondo la munthu amene amamulemekeza. Ankhoswe anabweradi Lamulungu. Anamwa tiyi, anadandaula za kuzimazima kwa magetsi, n'kubwerera kwawo, ine ndili pakhomo panga.