Khadi la Ubatizo Losauma Inki

Kunyumba yosamalira okalamba ku Armadale, komwe ndimagwira ntchito, alendo analetsedwa chifukwa cha mliri. Gogo ena achiyuda alibe wocheza nawo, ndiye lero andionetsa ine pepala lawo lakale lachidindo. Akuti kazembe wina anawadindira pa nthawi ya nkhondo, n'chifukwa chake ali moyo. Fungo la pepalalo lapyola masiki anga n'kundibweza ku Ntcheu.

Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Kwathu msewu ndiwo unali malire, ndipo kutsidya, ku Mozambiki, kunali nkhondo. Tsiku lina m'mawa aphunzitsi ena akumeneko anathawira kwathu, mapazi ali magazi okhaokha. Bambo anali mlembi wa mpingo. Anawalembera khadi la ubatizo ngati munthu wobadwira m'mudzi mwathu, n'kudindapo.

"Iwe, kaliseweretse pa dothi," anandiuza bambo. "Lioneke lakale."

Ndinalipindapinda, kulikhula pansi, kulikhalira. Inki yosauma inandimata pachala.

Masana kunafika amuna atatu amfuti. Ngakhale galu wathu sanauwe.

"Uyu ndi wakuno?" anafunsa wamkulu wawo, akuloza aphunzitsi aja ndi mfuti.

"Ndi mphwanga," anayankha bambo, n'kupereka khadi lija.

Munthuyo analitembenuza, n'kulinunkhiza pang'onopang'ono. Kenaka anagwada, nkhope yake pafupi ndi yanga. Ankanunkha utsi.

"Kukula konseku, ukuyamwabe chala?"

Ndinavomera ndi mutu, chala cha inki chija ndili nditachibisa m'kamwa. Inki inkawawa palilime, koma ndinapitiriza kumeza.