Chitini cha makapisozi

Pamwamba pa kabati yathu ku Chinyonga pankakhala chitini cha mkaka wa ufa. Mkakawo unatha kalekale, ndipo amayi ankasungamo makapisozi otsala. Kwathu munthu akadwala chifuwa ankamwa makapisozi mpaka atayamba kupeza bwino, basi. Otsalawo ankabwerera m'chitini kukadikira wina. Amayi ankati kumwa mankhwala uli bwino n'kuwononga.

Amene ankachitsekula kawirikawiri anali bambo. Ankayendetsa lole ya amwenye ena ku Limbe, ndipo fumbi la matumba a ufa linkawatsokomoletsa chaka chonse. Kukhosi kukangoyamba kukanda, ankameza awiri ndi tiyi.

"Ine ndine lole yakale," ankatero. "Kungothira oyilo pang'ono, ndalira."

"Lole yakale imafera pamtunda," amayi ankayankha.

"Ikafa mudzakankha inuyo, amake mwana."

Chaka cha korona ndinali Fomu 2. Sukulu zinatsekedwa, ndipo ndinkakhala pakhonde kulemba m'kabuku kanga zinthu zazing'ono zomwe ndinkachita manyazi kuzinena pakamwa. Bambo atayamba kutentha thupi tinawafunditsa bulangeti pamwamba pa beseni la madzi otentha a masamba a bulugama. Anamwanso a m'chitini. Koma mpweya unayamba kuwathawa, moti kuchoka pamphasa kufika pakhomo ankapumira panjira. Mwana wa abwana awo ndiye anabwera ndi galimoto kudzawatengera kuchipatala.

Odikirira odwala sankaloledwa kulowa. Tinkakhala panja pansi pa mtengo ndi amayi ena, aliyense ndi kontena yake ya phala, kudikira wantchito woti ailowetse. Ine ndinkayang'ana mawindo, osadziwa kuti la bambo ndi liti.

Kenako bambo anayamba kupeza bwino. Tsiku lina masana foni ya amayi inalira, ndipo anandipatsira. Mawu a bambo anali aang'ono, ngati akuchokera m'botolo.

"Mwana wanga, undisitire shati yoyera ija. Sindingatuluke muno ngati wakuba."

Ndinaisita mosamala, kolala kawiri, n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko.

Patangopita masiku ochepa foni inasiya kulira. Wantchito uja anatibwezera kontena ili yodzaza, nati thupi la bambo latenthanso ndipo awaika pa makina opumira. Mayi wina pansi pa mtengopo anatinong'oneza kuti mwina mankhwala atha m'chipatalamo. M'mawa mwake amayi anatsitsa chitini chija, nachikulunga m'chitenje, tinakwera nacho minibasi, chikungolira wekeseweke pamiyendo pawo.

Anesi ena achikulire anatuluka kudzatipeza, maso okha akuoneka pamwamba pa masiki. Amayi anagwada, nawapatsa chitinicho ndi manja awiri.

"Pepani anesi, ngati kwanu kwatha, awa amawayanja."

Anesiwo anatsekula. Anatulutsa timapepala ta makapisozi, tina todulidwa ndi lumo, tina totsala amodzi, tina tosaonekanso zilembo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Amamwa amenewa kawirikawiri?"

"Akangomva chifuwa. Sitisowa ayi, timasunga," amayi anatero, ndipo m'mawu mwawo munali kakunyadira.

Anesi anakhala pansi pambali pathu. Anati mankhwala alipo. Anati korona uja akutha, koma wagumula mpanda, ndiye tizilombo tina talowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Makapisozi sapha korona, koma tizilombo tachiwiriti ndi timene timafunika mankhwala otere. Vuto linali lakuti madokotala ayesa mtundu uwu ndi uwo, tizilomboto osamva. Nthawi zina, anatero, tizilombo tikamakumana ndi mankhwala pafupipafupi, pang'onopang'ono, timawazolowera.

Amayi anagwira chivindikiro cha chitini mwamphamvu. "Ndiye kuti ndi ife?"

"Mayi, sindinganene choncho. Tizilombo tosamva mankhwala timapezekanso m'zipatala momwemu, makamaka kwa odwala amene ali pa makina. Sindikudziwa kuti awa anatitenga kuti. Madokotala akuyesabe."

Anatibwezera chitinicho. Pobwerera amayi anachifumbata kuti chisalire.

Bambo anatisiya sabata yomweyo, dzuwa lili pamutu, ife tili pansi pa mtengo uja ndi phala lawo. Malamulo a nthawi imeneyo sanatilole kuwasambitsa kapena kuwaveka. Tinangoona bokosi lotsekedwa kale. Shati ija inakhalabe pamsomali miyezi yambiri, ndipo chitseko chikatsekulidwa inkagwedezeka mapewa ngati munthu akutsokomola.

Makapisozi amayi anakawataya m'chimbudzi, koma chitini anachitsuka n'kuchibwezera pa kabati. Sasungamo kanthu, ngakhale singano. Mng'ono wanga akadwala amapita naye kuchipatala, ndipo amamuimirira mpaka atameza kapisozi womaliza, iye akulira kuti wachira kale.

Nthawi zina ndikamapukuta fumbi ndimachikhudza mwangozi, ndipo ndimamva wekeseweke, ngakhale ndikudziwa kuti mulibe kanthu. Amayi akakhala pafupi amasiya chomwe akuchita, n'kundifunsa osandiyang'ana:

"Kodi anesi aja anati chiyani kwenikweni? Iwe umakumbukira zinthu."

"Anati sakudziwa, amayi."

"Anatero eti?"

"Anatero."

Amagwedeza mutu n'kupitiriza kusankha nyemba. Pakapita masabata angapo amandifunsanso.