Odi Wopanda Woyankha

Amuna anga anabwerako kuchipatala chachikulu cha ku Lusaka alibe mawu. Khansa inali itagwira kholingo, madokotala n'kulichotsa lonse, n'kuwasiyira kabowo kopumira pakhosi. Munthu amene kale ankayankha odi mlendo asanamalize n'komwe, tsopano ankachita kulemba pasileti ya ana asukulu.

Nthawi imeneyo, m'ma 1990, ndinkaphunzitsa ku Chikwa. M'mawa ndinkawasiya pampando, kansalu kali pakhosi, masana n'kudzawapeza pomwepo. Ndikafunsa ngati kunabwera munthu wodzawazonda, ankangopukusa mutu. Milungu itatu yathunthu! Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo zinandiwawa. Anthu omwe ankatha mtedza wathu pakhonde, lero akuopa kabowo?

Tsiku lina ndinakumana ndi mayi woyandikana nafe kumjigo, ndipo sindinawabisire.

"Amayi, matenda a amuna anga sapatsirana. Mwatitaya chifukwa chiyani?"

Anatula ndowa pansi. "Aphunzitsi, imwe! Ise tibwera tsiku lililonse, imwe muli kusukulu. Tiitana odi katatu, zii. Manje tingalowe bwanji m'nyumba ya eni, osatiuza kuti lowani?"

Ndinabwerera ndi manyazi, madzi osatunga. Kunyumba ndinawafunsa amuna anga mokalipa. Anatenga sileti n'kulemba kuti, "Ndimawamva onse." Anafufuta ndi chikhatho n'kulembanso: "Pakamwa pamayankha, koma sipatuluka kanthu." Akati adzuke akatsegule, ankaganiza za maso a anthu pakhosi pawo, n'kuleka. Ankangokhala, kumvetsera mapazi a mlendo akubwerera.

Ndinalira, mkwiyo wonse n'kuthera pomwepo. Ndinawamvera chisoni kuposa tsiku limene ndinawaona koyamba ali ndi mabandeji. Chimene ndinakwanitsa kunena n'chakuti manja madokotala sanachotse.

Loweruka m'mawa ndikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinamva mayi aja pakhomo.

"Odi!"

Ndinatsala pang'ono kuyankha, koma ndinadziluma mlomo.

"Odi kuno!"

Zii. Thovu la sopo linayamba kuuma m'manja mwanga. Kachitatu anaitana motsitsa mawu, ngati munthu amene watsanzika kale.

Ndiye m'nyumba munamveka kuwomba m'manja, kawiri, kofooka.

"Eya, tamva, abambo," anatero mayi aja, uku akuvula patapata. "Talowa."