Onyamula Bokosi la Bambo

Ndinaganiza zochoka tsiku limene bambo anagulitsa njinga yawo kuti apeze yopitira kuchipatala ku Dedza. Ndinati ndikakhala zaka ziwiri basi. Ziwirizo zinabereka zinzake.

Ku Oshawa, m'dziko la Canada, ndinapeza ntchito yosamalira okalamba: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma kusungulumwa ndinkadya ndekha, m'kachipinda kapansi kopanda zenera. Mayi pafoni ankangoti, "Tili bwino, usade nkhawa."

Mwa okalamba angawo munali a Marcel, ochokera m'kamudzi kena ka ku France. Ndikamawameta ndevu ankawerenga nyumba za kwawo, chitseko ndi chitseko. Uyu anamwalira. Uyu ana ake ali ku Paris. Apa panali sukulu, apa ankaphika buledi. Iwo ali mwana, m'tchalitchi malo ankachita kusowa. Koma mkulu wawo atamwalira, amuna onyamula bokosi sanakwane n'komwe anayi, mpaka analemba ganyu anthu a m'tauni.

Ine ndi pakamwa pangapa, ndinaseka. "Kwathu sizingachitike zimenezo. Maliro sasowa anthu."

"Nanga iwe uli kuti?" anandifunsa a Marcel.

Zinandiwawa. Ndinangopitiriza kumeta.

Bambo atatisiya, thupi analisunga kumochale kudikira ine. Anthu anabweradi, amayi ndi ana kudzaza bwalo. Koma kumanda adzukulu okumba anali asanu okha, onse a imvi, kuponya fosholo kawiri n'kupuma. Dzenje limene kale linkatha m'mamawa linafika masana. Anyamata amene ndinakula nawo ali ku Joni, ku Lilongwe, ena ku Tete. Achimwene anga awiri, nawonso ali kutali, anaonera mwambo wonse pafoni imene msuweni wathu anaikweza m'mwamba.

A Jailosi, mnzawo wa bambo kuyambira paubwana, anagwira nawo bokosi. Titachoka kumanda anandigwira dzanja.

"Mwanawe, bambo ako tawanyamula. Nanga ifeyo adzatinyamula ndani?"

Tikiti yanga yobwerera inali m'chikwama.

Pobwerera kunyumba ndinadzipeza ndikuwerenga zitseko. Kwa a Phiri, loko. Kwa a Nachisale, udzu mpaka pakhonde. Kumapeto kwa mudzi kuli nyumba yamalata yokongola kuposa zonse, imene ndinamangitsa ndi thukuta la ku Canada, ndipo sindinagonemo ndi kamodzi komwe. Ndinaima pang'ono, n'kuiwerenganso nayo.