Anapiye aulere a ba Sakala

Ndine ndinayambitsa, ndipo musadikire kuti ndipepese. Anapiye aulere amene anadzaza azimayi pakhomo pa ba Sakala ndinawaswa ine, ndi zala zanga, pa laputopu.

Ntchitoyi ndinaipeza titatsekera sukulu. Amayi amagulitsa tomato pamsika wa Chongwe, pafupi ndi kashopu ka ba Sakala kotchajira mafoni. Tsiku lina ba Sakala anandiona ndikukonza foni ya amayi, nati, "Iwe mwana, uziba kutaipa?" Ndinavomera, basi ntchito yayamba.

Ba Sakala amatsogolera gulu la mablogu atatu a alimi. Iwo amalemba za nkhuku, ba Mutinta za mkaka ku Palabana, ba Phiri za chimanga ndi nshawa ku Bundabunda. Lamulo lake nlosavuta: mmodzi akatulutsa nkhani, amaponya linki pagulu la pa foni, enawo nkuikopera pa mablogu awo, kuti owerenga a uyu akhalenso a uyo. Ba Sakala ankakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Koma denga lonselo linali pamutu panga.

Ndine ndinkapalasa njinga kupita kwa alimi, pawabanki ili m'thumba. Ndinkafunsa, kujambula, kuchepetsa zithunzi kuti zisadye bando ya intaneti ya owerenga, kutaipa, kupeka mutu wa nkhani. Pansi pake pankalembedwa dzina la ba Sakala. Zimenezo ndinameza. Chimene chinandikanika kumeza nchakuti ndinalemba nkhani ya chitopa, nditakhala tsiku lathunthu ndi mayi amene nkhuku zake zinatha psiti, ndikufotokoza bwino za katemera wodontheza m'diso. Kenaka pamsonkhano ba Phiri anakweza dzanja nati, "Nanga bwanji sitilembako za chitopa?" Nkhaniyo inali pa blogu yawo yomwe, pamwamba penipeni. Anaikopera okha. Ba Mutinta anagwedeza mutu kuti nzeru yabwino.

Mtima unandiwira. Anthu akulu, oyamikirana ndi tizithunzi ta chala chachikulu, osawerenga ngakhale mzere umodzi wa mnzawo.

Ndiye polemba nkhani ya kasamalidwe ka anapiye, pakati pa ndime ya utuchi ndi ya mbaula, ndinalowetsa mzere uwu: "Aliyense wofika kunyumba kwa ba Sakala Loweruka m'mawa atanyamula dengu adzalandira anapiye aulere." Ndinapatsa ba Sakala laputopu kuti aone, monga mwa lamulo. Anayang'ana chithunzi, nati, "Ili bwino, ponya." Ba Mutinta anakopera. Ba Phiri anakopera, nawonjezera kuti nkhani yofunika kwambiri.

Alimi ndiwo amawerenga. Amene satha, ana awo amawawerengera. Loweruka ndinafika msanga nkukwera mumtengo wa mango kuti ndione bwino. Kunabwera azimayi a madengu, a makatoni oboola, wina mpaka chitete chomangirira panjinga. Ba Sakala anatuluka ndi vesiti, mswachi uli kukamwa.

"Ni maliro?" anafunsa.

"Tabwelela anapiye," anayankha mayi wina, akuwaonetsa foni.

Ba Sakala anawerenga nkhani yawo koyamba, milomo ikuyenda. Ndinaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa, ndipo ndi mmene anandionera.

Kuseka kunatha pamene amake Tisa, mayi wachikulire wa ku Bundabunda, anaika dengu pansi. "Nasiya munda osapalila. Manje ngati izi ni boza, na za katemela zija ni boza? Chifukwa nadontheza kale nkhuku zanga."

Apo ndinatsika. "Za katemela ni zoona, amama. Ninalemba nine, ninaona na maso."

"Nanga dzina lako lili kuti?" anatero.

Ndinaloza ba Sakala. Mayiyo anawayang'ana. Ba Sakala anadziwa kuti azimayiwo akabwerera opanda kanthu, palibe wa ku Bundabunda adzakhulupirirenso blogu iliyonse mwa zitatuzo. Analowa m'khola nkuyamba kugawa anapiye awo enieni, nsagwada zili gwa. Sanakwanire onse.

Masana ba Sakala anaitanitsa gulu. "Uyu mwana afuna kutiphela nchito," anatero, akumenya tebulo. Ba Phiri anati ndichotsedwe lero lomwe.

Ndinati, "Nichoseni. Koma nkhani inapita m'manja mwa anthu atatu. Anaiwelenga ndani?"

Ba Phiri anayamba kufunafuna china chake mufoni. Ba Mutinta okha ndiwo anati, "Mwana wachita zopusa, koma watigwila."

Chilango chinali pawiri. Choyamba, anapiye ena akaswedwa, ndiwapereke panjinga kwa onse amene anabwerera chimanjamanja. Chachiwiri, nkhani iliyonse ya gulu ndiziiwerenga mokweza pamaso pa onse isanatuluke, ndipo dzina langa lizilembedwa pansi, kuti bodza likapezekanso anthu adziwe wokamugwira.

Ndinaweramitsa mutu kuti asaone mano. Nditakapereka anapiye ku Bundabunda, amake Tisa anandipatsa nshawa zodzaza chipewa. Ndipo tsopano Lachitatu lililonse akuluakulu atatu amakhala pabenchi, mafoni ali m'matumba, nkumandimvetsera. Ndikafika pankhani ya ba Phiri ndimawerenga pang'onopang'ono dala.