Nyama Imene Inaphetsa Chitedze

A Jailosi Namakhwa a ku Machinjiri anasamala agalu pa kampani ina ya alonda kwa zaka khumi ndi zinayi. Anasiya ntchitoyo mu 1996 osatsanzika, ndipo ukawafunsa chifukwa amayamba alavula kaye malovu.

Matipate anali atangobwera, akuba nawo nkumati ufuluwo ndi wawo, choncho agalu sankapuma. Mwa onsewo a Jailosi ankakonda Chitedze, chigalu cha chifuwa ngati thumba la simenti, chomwe anachilera okha chili kamwana.

Kenaka kunabwera bwana watsopano, a Hawkins, munthu wokhulupirira pepala kuposa maso ake. Analamula kuti agalu okulirapo akayezedwe magazi, wopezeka ndi impso zofooka abayidwe jakisoni wakupha. Pa kampani yonseyo panalibe ndi mmodzi yemwe wowauza a Jailosi kuti galu wokayezedwa amapita ndi njala. Iwo anachita zomwe analeredwa nazo: wopita kuchipatala sanyamuka m'mimba mulibe kanthu. Anagula nyama ya ng'ombe mumsika wa Ndirande, naiphika, Chitedze nkudya mpaka kunyambita mbale. Minibasi itakana galu, anayenda naye wapansi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, opanda ndi madzi omwe.

Nambala ya impso inatuluka itadutsa mzere pang'ono chabe. Mayi Evelina, oyeza magaziwo, atamva za nyama ndi ulendowo anagwira pakamwa.

"Bambo, nambala iyi imakwera nkutsika ngakhale galu ali bwinobwino. Waminofu ngati uyu yake imakhala yokwererapo kale, ndiye mwawonjezera nyama ndi ludzu. Mubwere nayenso sabata yamawa asanadye."

Mawu omwewo anawalemba m'munsi mwa pepala. Koma a Hawkins maso awo anathera pa nambala, zam'munsizo sanazione nkomwe.

"Bwana, sabata imodzi yokha," anadandaula a Jailosi. "Wolakwa ndine, ndinamudyetsa."

"Madala, muli ndi digiri ya agalu inu? Ine ndimayendera mafigala, osati nthano."

Zimapsetsa mtima. Galu woti dzulo lake anadumpha mpanda kuthamangitsa wakuba, lero akuti ndi wodwala chifukwa cha kadontho ka magazi ka tsiku limodzi. Munthu wosadziwa ndi dzina lomwe la galuyo analephera kudikira masiku asanu ndi awiri.

Lachisanu kunabwera dokotala wina ndi jakisoni. Chitedze anaonetsa mano, alonda onse nkubwerera m'mbuyo. Ndiye bwana uja, wopanda ndi manyazi omwe, anaitanitsa a Jailosi, poti galuyo ankamvera iwo okha.

Anagwada, namukumbatira pakhosi. Chitedze anakhala phee, akugwedeza mchira, mphuno ili m'thumba la jekete lawo kufunafuna nyama ina.