Bango la Bambo ndi Khoka la Akulu a Mpingo

Fungo la nsomba yowola ndinakula nalo, koma la chaka chimenecho mpaka lero limandibwerera kukhosi.

Inali nthawi imene othawa nkhondo a ku Mozambiki anadzaza midzi ya kwathu ku Mangochi. Ine ukwati unali utatha, ndinabwerera kwa makolo mwana ali kumsana. Tonse tinkadya za m'miono ya bambo anga, misampha ya nsomba imene ankaitchera m'bango la kumunsi kwa doko, mmene chambo chinkalerera ana. Akavuula mono ankasankha: chachikulu m'bwato, kakang'ono kabwerere. Chambo chovumata ana m'kamwa ankachitaya m'madzi msangamsanga ngati chawatentha. Ankati Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo munda wawo unali bangolo.

Kenaka akulu a mpingo wathu anagula khoka, ukonde waukulu wokokera kumtunda. Anali munthu wa jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, pemphero lawo lotalika mpaka ana kugona pabenchi. Khokalo linkakodwa m'bango, ndiye anaitana othawa nkhondo kuti alitchetche lonse, malipiro ake kambale ka nsomba. Anthuwo sindiwada ayi. Munthu amene watha miyezi akudyera nandolo wa chithandizo angakane bwanji ndiwo?

Bambo anapita kukadandaula, ine ndili pambuyo pawo.

"Akulu, bangoli ndiye nyumba ya chambo. Mukalichotsa, chaka chamawa tidzadya chiyani?"

"Achimwene, chikhulupiriro chanu n'chochepa," anayankha akuluwo akuseka. "Nyanja ndi ya Mulungu, siitha. Anatiuza kuti tiligonjetse dziko, osati tizilinyengerera."

Kuthumba kwa khokalo anasokererako neti ya udzudzu kuti pasapulumuke kanthu. Anakoka mvula itayamba, nthawi imene chambo chimaswa, atayamba agwaditsa alovi onse, anthu okoka khokawo, pamchenga kuti apemphere. Chimene chinatuluka ndi phiri la kasawala, tiana ta chambo tosafika ngakhale chala changa chaching'ono. Akuluwo anakweza manja kumwamba, ati madalitso.

Mvula inagwa osakata. Kasawala wa pathandala sanaume, wotsala pamchenga anasanduka phala. Mphutsi zinkachita kuwira, ntchentche zobiriwira zili ng'waa mpaka m'mitsuko yathu ya madzi akumwa. Agalu enieniwo ankalambalala. Lamulungu fungolo linalowa nafe m'tchalitchi, amayi titatseka mphuno ndi zitenje, akuluwo ali kutsogolo kutiphunzitsa kuyamika. Lolemba anaitananso othawa nkhondo aja kuti akumbe dzenje, akwirire madalitsowo.

Sanaleke. Anakokabe mpaka pansi pa nyanja panasalala ngati pabwalo posesa. Chambo chitasowa, munthu yemweyo anaimirira mumpingo n'kunena kuti alendowa atithera nsomba, tiwapempherere asiye umbombo. Anthu anavomera kuti amen. Ine ndinatuluka kukalavula kuseri kwa tchalitchi, ndipo sindinabwereremo tsiku limenelo.

Miono ya bambo inayamba kuvuuka ndi ndere zokhazokha. Anayesa kutali, anayesa kumathiriro a mtsinje, osaphula kanthu. Mwana wanga tsitsi linayamba kufiira. Mono umodzi nkhuku inayamba kuikiramo mazira, bambo osaiingitsa.

M'mawa wina ndikupita kotunga madzi ndinawaona padoko. Anali pamzere wa alovi a akulu aja, pakati pa othawa nkhondo, chingwe cha khoka chili m'manja. Akuluwo anati tiyeni tipemphere, onse anatsinzina. Bambo okha anali maso, akuyang'ana zitsa za bango lawo.

Masana anabwera ndi kambale ka kasawala, anakaika pakhonde. Ndinaphika ndikulira ndi ukali, mwana wanga anadya mpaka kunyambita mbale. Bambo nditawapatsa gawo lawo, anakankhira kwa mdzukulu wawoyo.

"Mpatse mwanayo," anatero. "Ine tinsombati ndatiwona tili tamoyo."